Wakuba Amene Anakonza Lipoti

Laputopu ya Achemwali inasowa Lachiwiri nthawi ya nkhomaliro, pa tebulo lalitali la mu ofesi ya alangizi a zamabizinesi. Anatsika kukagula chakudya, pobwera anapeza chingwe chokha chili lende.

"Ndani watenga laputopu yanga? Zamasewera ayi, Lachisanu ndikukapereka lipoti kwa kasitomala!"

Anzawo anangoyang'anana. Achikulire, mlangizi wakale kuposa onse, anaimirira n'kukonza tayi.

"Pepani mwanawe. Akuba a masiku ano amavala bwino."

Apo sananame. Laputopuyo inali m'buti ya galimoto yawo.

Achikulire anamerera imvi pa kampaniyo. Kale anali ndi ofesi yawoyawo, ya chitseko chogogoda. Kenako abwana anagumula makoma, n'kulamula kuti aliyense azikhala paliponse pamene wapeza mpando, malipoti azilembedwa pa intaneti gulu lonse likuona. Munthu amene ankadyera kuuza makampani kuti asinthe anakana kusintha. Iwo ankasindikizabe malipoti a anzawo n'kumawakhwatcha ndi cholembera chofiira.

Udindo wa wachiwiri kwa abwana, umene anaudikira mpaka kusoketseratu suti, unapita kwa Achemwali. Mwana wa dzulodzuloli, amene iwo anamuphunzitsa ngakhale kupereka moni kwa kasitomala! Nsanje inawadya Achikulire. Anaganiza kuti laputopu ikasowa ndi lipoti lomwe, mtsikanayo akachita manyazi Lachisanu, abwana akumbukira kumene kuli nzeru.

Lachitatu m'mawa anaimba foni kuti BP yakwera. Anakhala pa tebulo lodyera kunyumba n'kutsegula laputopu ija. Pasiwedi ankaidziwa, poti ndi iwo anathandiza mwini wake kuiika atangoyamba ntchito. Anailumikiza pa intaneti kuti aone kalata ya malipiro atsopano a mnzawoyo. Anapeza kuti mtsikanayo akulandira kuposa iwo.

Akanaitseka pomwepo. Koma lipoti linali pamenepo, ndipo Achikulire chibadwire sanaonepo lipoti la munthu n'kulisiya lamtendere.

Nthawi yomweyo ku ofesi, sajeni wa polisi ankafunsa mafunso. Mlonda analumbira kuti sanaone mlendo aliyense. Achemwali anabwereka kompyuta ya mnzawo kuti apitirize ntchito, poti lipotilo silinasowe n'komwe, linali pa intaneti. Mwadzidzidzi anakuwa.

"Abwana, bwerani! Mawu akuyenda okha!"

Onse anaunjikana. Ndime yonse inafufutika iwo akuona, ina n'kuyamba kulembedwa. M'mbali munatuluka ndemanga, pansi pa dzina la Achemwali: "Tebulo la manambala ili n'lachibwana." Posakhalitsa inabwera ina: "Kasitomala ameneyu ndinayamba kumulangiza inu muli kusukulu. Safuna mawu ambiri."

Sajeni anakanda m'mutu.

"Ndagwirapo akuba ambiri, koma woba ntchito n'kumaigwira ndi woyamba uyu. Ndani amalankhula chonchi muno?"

Maso onse anapita pa mpando wa pakona, umene Achikulire ankaulimbirana m'mawa uliwonse ngati anabwera nawo kuchokera kwawo.

"Musamusokoneze," anatero sajeni. "Musiyeni azilemba."

Cha m'ma leveni koloko galimoto ya polisi inaima pa geti la Achikulire. Anatsegula chitseko ndi mayi a kunyumba.

"Bambo akudwala, sakuonana ndi anthu."

"Ifenso tabwera kudzawazonda, mayi."

Wodwalayo anamupeza atavala tayi, magalasi ali pamphuno, zala zikuthamanga pa laputopu ya eni. Anadzutsa mutu, anaona yunifolomu, n'kukweza chala chimodzi.

"Tadikirani pang'ono, ndimalize ndime iyi."

"Mukamalizira kupolisi, bambo. Laputopuyi ndi ya ndani?"

"Ya kampani."

"Nanga ikutani kuno?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma Achikulire analankhula.

"Mumadziwa kuti mwana ameneyu amalandira kuposa ine? Ine amene ndinamuphunzitsa! Taonani zimene analemba apa, munthu angakwezedwe pa udindo ndi zimenezi?"

"Bambo a ana, mwaba?" anafunsa mayi aja, manja ali kumutu. "Inu? Ndikawauza chiyani ana?"

Unyolo unalira. Aneba anasuzumira pa mpanda, ndipo Achikulire anatuluka ataweramitsa mutu kwa nthawi yoyamba.

Lachisanu madzulo abwana anapita kupolisi ndi kalata yochotsa Achikulire ntchito. Anawapeza atakhala pa benchi, opanda tayi, opanda lamba, ndevu zitayamba kumera. Achikulire kalatayo sanaiwerenge n'komwe.

"Lipoti lija layenda bwanji?"

"Kasitomala wasaina."

"Gawo lachitatu munalisiya mmene ndinalikonzera?"

"Tinalisiya. Ndi limene lawasangalatsa kwambiri. Akuti aka n'koyamba kampani yathu kuwamvetsa bwino chonchi."

Nkhope ya Achikulire inawala. Anaimirira, atagwirira buluku ndi dzanja limodzi.

"Mwaona! Ndiye munawauza kuti analemba ndi ine?"

"Ndiwauze kuti analemba ndi wakuba? Kompyuta ikuonetsa dzina la Achemwali pa ndime iliyonse." Abwana anatola makiyi awo. "Akasitomalawo apempha kuti ntchito zawo zonse aziyendetsa ndi Achemwali."

Achikulire anakhala pansi pang'onopang'ono. Sajeni anabwera ndi makiyi a selo.

"Tiyeni, bambo. Kukhoti ndi Lolemba."