Malaya Opanda Batani

Mvula inayamba ngati yocheza, kenako inakhuthuka ya mkokomo. Pasiteji ya basi anthu anapanikizana pansi pa kadenga ka malata. Pakona penipeni panaima mtsikana wina atakumbatira jumbo ya nsalu. Anthu ankamutchula kuti Singano, chifukwa anali telala, anali woonda, ndiponso pakamwa pake pankabaya.

Basi inabwera, anthu anakwera. Inabwera ina, anakweranso. Singano osasuntha.

"Chemwali, kodi mukudikira ndege?"

Atatembenuka anaona mnyamata wamtali, ambulera m'manja, tayi yofiira pakhosi. Tayiyo sankaivula ngakhale dzuwa likuswa mtengo, moti pamsika pomwe ankagulitsa mafoni aliyense ankangomuitana kuti Tayi.

"Sindikudikira basi ine," anayankha Singano. "Ndikudikira mvula. Ikakata ndiziyenda."

"Wapansi? Matope onsewa?"

"Miyendo yangayi siilipiritsa."

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira pamimba, kenako anatambasula ambulera. "Tiyeni ndikuperekezeni. Nanenso lero ndiyese basi yaulereyi."

Anayenda naye mpaka pakhomo, nsapato zake zonyezimira zitasanduka zoumba. Singano anaziyang'ana nsapatozo, mtima wake n'kufewa. Mnyamata woononga nsapato chifukwa cha iye? Zinali zisanamuchitikirepo!

Sikuti Singano anali woumira mwachibadwa ayi. Bambo ake anadwala miyezi isanu ndi itatu n'kumwalira, kusiya ngongole zisanu ndi imodzi: kwa eni nyumba, kugolosale, kogula mankhwala, kwa amalume, kwa wopala bokosi, ndi kwa bambo wina wobwereketsa ndalama pachiwongoladzanja, amene aliyense ankangoti a Katapila. Zonsezi anazilemba kuseri kwa kalendala yakale. Akamaliza kubweza imodzi ankaidula ndi choko chofiira cholembera nsalu.

Kwa zaka ziwiri, iye ndi amayi ake ankamwa tiyi wopanda mkaka. Sopo ankamudula ndi ulusi kuti tizidutswa tifanane. Ndiwo ankagula msika ukamaweruka, ogulitsa atatopa ndi kunenerera. Makala akatsala pambaula ankawathira madzi n'kuwayanika. Kandalama kalikonse kopulumuka kankalowa m'chitini cha mabatani, pansi penipeni.

Mizere isanu inali itadulidwa. Unatsala wa a Katapila, ndipo umenewo ndiwo unkamusowetsa tulo, chifukwa chikole chake chinali makina osokera. Makinawo ndiwo anali munda wawo. Akanapita, iye ndi amayi ake akanadya chiyani?

Chikondi chinakula msanga. M'mawa uliwonse foni inkalira.

"Batani la mtima wanga, wadzuka bwanji? Popanda iwe ndine malaya opanda batani, mphepo ikungondilowa."

Singano ankawerenga kawiri, katatu, mpaka ulusi kusokonekera m'makina. Mayunitsi oyankhira analibe, choncho ankangobipa kamodzi. Tayi ankati kubipa kumeneko kunali kokoma kuposa nyimbo.

"Ndidzakuchotsa m'ngongolezi, wokondedwa," ankatero atakhala pabenchi m'kashopu ka Singano. "Tsiku lina udzamwa tiyi wa mkaka mpaka kumukana. Ndikulonjeza."

Mphatso yogula Singano sakanaitha, ndiye anamusokera malaya ndi nsalu yabuluu yotsala. Pomuyeza anadabwa.

"Iwe, mkono wako wamanzerewu ndi waufupi ndi inchi yathunthu!"

"Ndinagwa mumtengo ndili mwana. Palibe amene anazindikirapo, ndiwe woyamba."

Anadula mkono wa malayawo molingana ndi mwini wake. Pansi pa kolala anasokapo kamtanda kofiira. Kenako anatsegula chitini n'kusankha mabatani asanu ndi limodzi oyera, amene anachotsa pa malaya a malemu bambo ake. Anali atawasunga zaka ziwiri osalola munthu kuwagwira.

Tsiku lina Tayi anabwera nkhope ili gwa.

"Wokondedwa, mwayi wandipeza koma ukundipitirira. Kampani ina yaikulu yandiitana kokayesedwa ntchito Loweruka lomaliza la mwezi uno. Koma ndikalowa bwanji muofesi ya anthu opanda suti?"

Singano anayang'ana chitini. Munali ndalama yonse ya a Katapila, yoti aipereke mwezi ukamatha.

"Imeneyo ndi ya makina," anatero motsitsa mawu.

"Ndikudziwa, mtima wanga. Ndili ndi mafoni khumi ali m'njira. Ndikangogulitsa ndikubwezera tsiku lisanakwane. Ndikayamba ntchito, mphete! Kodi sukundikhulupirira?"

Amayi ake atamva anangopukusa mutu. "Mwanawe, ntchito yoyesa anthu Loweruka ndi ntchito yanji?"

"Amayi, makampani a masiku ano satseka."

Chikondi chikalowa m'mutu, nzeru zimatulukira kukhutu. Mtsikana amene ankadula sopo ndi ulusi anakhuthula chitini chonse tsiku limodzi! Kusitolo anapita limodzi. Singano ananenerera mpaka wogulitsa kutuluka thukuta, analipira ndi dzanja lake, ndipo lisiti analipinda n'kuliika m'chikwama monga ankachitira ndi malisiti onse. Sutiyo inali yakuda, yolemera bwino. Inatsala kushopu kwa Singano kuti afupikitse mkono wamanzere wa jekete.

Patatha masiku atatu, kushopu kunalowa namwino wina wakhungu losalala, akumwetulira ngati walandira kumene.

"Achemwali, anzanga kuntchito akuti manja anu ndi odala. Ndikufuna diresi la ukwati, koma nthawi yandithera. Ukwati ndi Loweruka lomaliza la mwezi uno."

Singano anasangalala. Ntchito yaikulu ngati imeneyi! Anamuyeza, anagwirizana mtengo. Kenako namwino anapisa m'chikwama.

"Ndikufunanso malaya oyera a akunyumba am'tsogolowo, koma asadziwe, ndikufuna adzadzidzimuke. Ndawabera awa kuti muonerepo saizi. Amawakonda kwambiri, akuti anawasokera ndi azakhali awo."

Malaya abuluu anagwera patebulo.

Manja a telala sanama. Asanaganize n'komwe, Singano anali atalumikiza kale mikono iwiri ija. Wamanzere unaperewera ndi inchi. Anatembenuza kolala. Kamtanda kofiira kanali pomwepo. Mabatani a bambo ake anamuyang'ana onse asanu ndi limodzi.

Azakhali! Iye, azakhali!

"Amakukondanitu eti?" anafunsa, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Musanene! Taonani zimene andilembera m'mawa uno." Namwino anamuonetsa foni.

"Jakisoni wa mtima wanga, wadzuka bwanji? Popanda iwe ndine wodwala wopanda mankhwala, malungo akungondilowa."

Uthengawo unatumizidwa mphindi imodzi utangotumizidwa wa Singano. Munthuyo ankangosintha zipangizo za ntchito basi!

Namwino atapita, Singano anatseka chitseko n'kugwetsa nkhope pamakina. Analira mpaka maso kutupa. Analirira makilomita onse amene anayenda wapansi, tiyi yense wakuda amene amayi ake anamwa osadandaula. Zonsezo kuti munthu akakwatire mkazi wina atavala thukuta lawo?

Misozi itauma, m'malo mwake munalowa chinthu chozizira. Anaitenga suti ija, sizasi ili m'manja. Akanatha kuidula tizidutswatizidutswa. Koma Singano sanali munthu wotaya nsalu. Anaika sizasi pansi n'kuyamba kuyang'ana misoko ya m'kati. Osoka ake anasiyamo nsalu yambiri yopindira. Anamwetulira kumwetulira kosakoma.

M'mawa mwake anapita kwa a Katapila. Anali bambo wamimba, woumira pandalama koma wokonda kutchena, moti m'kaofesi kawo munali magalasi odziyang'anira awiri.

"Mwabweretsa, mayi? Kapena nditumize ngolo idzanyamule makina?"

"Ndabweretsa china, bambo. Tagwirani nsaluyi."

Anaigwira, anaisisita, anaiyeza pachifuwa patsogolo pa galasi. Singano anawaonetsa lisiti.

"Yabwino, koma sindingakwanemo."

"Mukwanamo. Ndimasula misoko yonse, idzakhala ngati anasokera inu. Mudzaitenge Lachinayi la sabata yomaliza ya mwezi uno."

Anakangana kwa ola lathunthu. Pomaliza a Katapila anavomera kuti sutiyo ilowe m'malo mwa magawo atatu a ngongole, gawo lachinayi likhale ndalama.

"Ndalamayo mudzaitengere kushopu kwanga Lachisanu lake, folo koloko," anatero Singano. "Koma mudzabwere mutavala sutiyo, ndidzaone ngati ikukhala bwino."

Masabata awiri otsalawo anasoka diresi la mkazi mnzake mosamala kuposa chovala chilichonse chimene anasokapo. Mauthenga a Tayi ankabwerabe m'mawa uliwonse, iye n'kumabipa monga mwa masiku onse. Tayi akafunsa za suti ankamuyankha mokoma, "Lachisanu folo koloko, wokondedwa. Ndikufuna udzaoneke bwino patsiku lako lalikulu."

Lachisanu linafika. Namwino anabwera hafu pasiti fili. Singano anayamba walandira ndalama yake yonse, anaiwerenga kawiri, n'kuiika m'thumba la epuloni. Kenako anamulowetsa kuseri kwa katani n'kumuveka diresi.

"Achemwali, ndikupempheni chinthu chimodzi. Kukubwera kasitomala wina. Musatuluke, musayankhule. Mungomvetsera."

"Bwanji kodi?"

"Mudzandithokoza, kapena mudzanditukwana. Zonse ndilandira."

Pasanapite nthawi fungo la perefyumu linalowa, mwini wake akutsatira.

"Batani la mtima wanga! Suti yanga ili kuti? Mawatu ndi mawa!"

"Khala pansi kaye. Ntchito ya mawayo, akakufunsa mafunso otani?"

"Aa, zamaofesi, sungazimvetse."

"Nanga ndalama ya makina anga?"

"Mafoni achedwa pang'ono, koma sabata yamawa ndithu. Usade nkhawa, mkazi wanga wam'tsogolo."

"Ukundikondadi? Palibe wina?"

Tayi anagwira pamtima. "Wina? Mphezi indiwombe pompano! Ndiwe wekha padziko lonse. Akazi enawa ndimangowaona ngati mitengo."

Katani anagwedezeka pang'ono, koma Tayi sanaone, chifukwa pakhomo panali pataima a Katapila, mimba patsogolo, atavala suti yakuda, akudzipukuta fumbi paphewa.

"Mayi, manja anu! Anthu andiyang'ana msewu wonse!"

Tayi anadzuka pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa. "Imeneyo... imeneyo ndi suti yanga!"

"Yanu?" Singano anatulutsa lisiti. Kuyambira pamenepo sanamutchulenso kuti iwe. "Achimwene, munaperekapo zingati? Tawerengani apa, mwina maso anga akunama."

"Wokondedwa, usatero! Mawa ndivala chiyani?"

"Kuntchito, kapena kuukwati?"

Apo katani anatseguka. Namwino anatuluka m'diresi loyera lofika pansi, wokongola mochititsa mantha, misozi ikuyenderera mpaka pachibwano.

"Ndine mtengo ine?" anafunsa. "Amenewa ndiwo azakhali ako aja?"

"Jakisoni wa... ndikufotokozere, mtima wanga..."

"Mtima uti? Uli nayo ingati?" Anavula mphete n'kumuponyera pachifuwa. Inagubuduka mpaka pansi pa makina, ndipo palibe anawerama kuitola. Kenako anatembenukira kwa Singano. "Inunso munadziwa tsiku lomwe lija, n'kundisiya ndilipire diresi?"

"Ndinadziwa. Ntchito ndagwira, achemwali, ndipo ndalamayi ndikuifuna kuposa manyazi. Diresilo lisungeni. Mwamuna weniweni akadzapezeka, ndidzakukonzerani ulere."

Namwino sanathokoze, sanatukwane. Anabwerera kuseri kwa katani kukavula.

Singano anatulutsa ndalama m'thumba la epuloni n'kuwerengera a Katapila m'manja, Tayi akuona. Bamboyo anang'amba kalata ya chikole, anadziyang'ananso pagalasi, n'kutuluka akuimba mluzu. Singano anatsitsa kalendala pakhoma, anatenga choko chofiira, n'kudula mzere womaliza mwamphamvu mpaka choko kuthyoka.

Tayi anagwada. "Ndinalakwitsa. Unali iweyo amene ndinkakukondadi. Usandisiye chimanjamanja."

"Chimanjamanja ayi. Katundu wanu ndakusungirani."

Anatsegula kabati n'kumupatsa malaya abuluu aja, ochapidwa, ositidwa bwino. Tayi anawatambasula. Kutsogolo kwake kunali timabowo tokhatokha.

"Mabataniwo ndi a bambo anga, abwerera kwawo," anatero Singano. "Paja munkati popanda ine ndinu chiyani? Valani, muzipita. Mphepo ikuloweni."

Anatuluka malaya ali m'manja, tayi itapindikira kumbali. Anthu a mashopu oyandikana, amene anamva zonse, anamupatsa njira mwaulemu wonyoza.

Singano anapukuta makina ake ndi kansalu, anawathira mafuta, n'kuwaphimba. Anali ake tsopano, kuyambira singano mpaka chopondera. Ndalama imene inatsala m'thumba inali yochepa, koma inalibe mwini wina. Anagula paketi ya mkaka ya amayi ake. Atafika pasiteji paja, basi inaima, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri anakwera.

Anakhala pawindo. Kunja kunayamba kuwaza, ndipo pansi pa kadenga ka malata mnyamata wina ankatambasulira mtsikana ambulera. Singano anafumbata mabatani asanu ndi limodzi m'dzanja mpaka kumupweteka. Anali atapambana, ngongole inali itatha, koma misozi inakana kumva zimenezo.

"Mayi, mwadwala?" anafunsa kondakitala.

"Ayi," anayankha akupukuta m'maso. "Landirani ndalama yanu. Sindikufuna kutsala ndi ngongole ya munthu."