Wonyamula Mafupa a Salge

Tsiku lomaliza limene Dasmat anamuona Salge ali moyo, anakangana chifukwa cha ambulera.

Panali pa depoti ya mabasi ku Ranchi, mvula ikuwaza. Salge amapita kwawo, kumapiri a ku Tundi, kukathandiza makolo ake kuwokera mpunga.

"Tenga ambulerayi, wamakani iwe!"

"Ndikatani nayo m'madzi ofika m'mawondo? Ndikafunditse achule?"

"Ndiye unditenge ineyo. Chaka chonse ukungoti mawa, mawa. Kodi pakhomo panu pamagona kambuku?"

"Uli ndi mayeso a masamu, ndipo masamuwo amakudziwa kuti ndiwe mlendo." Salge anaseka, kenaka anamugwira chala chaching'ono, mobisa monga ankachitira nthawi zonse. "Usakwinye nkhope, diso langa. Ndikulonjeza, tsiku lina udzalowa m'nyumba mwathu ngati mwana wa pakhomo."

Basi inanyamuka. Dasmat anatsala ndi ambulera m'manja, atakwiya. Sanakweze n'komwe dzanja.

Anakumana chaka chapitacho, Dasmat atangofika pa yunivesite kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi Ghatshila. Sabata yoyamba yomweyo mphunzitsi anamufunsa funso m'Chingerezi, iye n'kuyankha ndi lilime la kumudzi. Kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Wina kumbuyo anati, "Ana a m'tchirewa amalowa chifukwa boma limawasungira malo, osati mutu!"

Madzulo ake Dasmat analongedza chikwama. Asanafike pa geti, mnzake wina anamukokera kuchipinda china kuseri kwa laibulale, kumene mphunzitsi wina, Madamu Marandi, ankasonkhanitsa ophunzira a mitundu ya Adivasi, eni nthaka akalekale. Munali mabuku akale osiyirana, ketulo ya tiyi, ndi ng'oma pakona. Watsopano aliyense ankapatsidwa wamkulu womuthandiza maphunziro ndi kumuphunzitsa kupuma mumzinda. Akuluwo ankangotchedwa achimwene kapena achemwali.

Dasmat anapatsidwa mtsikana wa chaka chachitatu, wamaso akuthwa.

"Johar," anamulonjera mtsikanayo m'Chisantali, ndipo Dasmat anangotsala pang'ono kulira pomva chinenero cha mayi ake. "Dzina?"

"Dasmat Baskey."

Mtsikanayo anaima ndi kapu ya tiyi m'malere. Anamuyang'ana kanthawi ndithu.

"Nanga inu, achemwali? Ndamva akukutchani Salge Kumari. Kumari si mfunda."

"Mphunzitsi wa ku pulayimale anandilemba choncho. Ati mayina athu amamuluma lilime."

"Ndiye mfunda wanu ndi uti?"

Msantali aliyense amafunsa zimenezi asanapemphe ngakhale madzi akumwa. Anthu a mfunda umodzi ndi magazi amodzi, kaya wina anabadwira kutsidya kwa mapiri khumi.

"Hembrom," anatero Salge. "Khala pansi, Baskey. Masula chikwamacho, sukupita kulikonse."

Ndipo sanapitedi. Salge ankamukhazika pansi pa mtengo wa mango n'kumuwerengetsa Chingerezi mokweza mpaka akhwangwala kuthawa. Ankamugulira mpunga wokazinga wa m'pepala, n'kumulanda akalakwitsa samu. Anamuphunzitsa kugogoda pa ofesi ya mphunzitsi osapepesa kuti ali moyo.

"Dzina lako usamalibise," ankamuuza. "Akaseka, ulitchule kawiri!"

Chikondi chinabwera ngati madzi m'munda wa mpunga, osaoneka polowera.

"Achemwali, ndili ndi funso lomwe mulibe m'buku."

"Ukanditchulanso achemwali tili awiri, ndikuponya m'ngalande."

Koma anaika lamulo. "Asadziwe munthu. Madamu salola kuti wothandiza akhale pa chibwenzi ndi womuthandiza. Angandichotse." Dasmat anavomera. Ankadziona wochenjera poona kuti palibe ankawakayikira. Madamu akawapeza ali limodzi ankangomwetulira n'kunena kuti, "Awiri inu mumandisangalatsa."

Mauthenga a pa foni ankayenda ngati nyerere. "Wadya, mtima wanga?" "Ndadya masamu, sindinakhute." "Ukakhoza, ndidzakuvinira ndekha pa chikondwerero cha Sohrai." "Sindidzakusiya, Salge, ngakhale mtsinje wa Damodar utabwerera kumapiri."

Uthenga womaliza unafika patatha masabata angapo chinyamukire basi ija. "Thupi likungotentha pang'ono. Usayimbe, bambo ali pompano. Werenga, waulesi iwe. Ndimakukonda kuposa mvula yoyamba."

Anali malungo a mu ubongo. Msewu wa kumudziko unali utakokoloka. Pamene anamufikitsa kuchipatala pa machira, Salge anali atasiya kale kuzindikira mayi ake.

Ophunzira a m'chipinda chija anapita onse ku maliro, Madamu Marandi ali patsogolo. Dasmat anakhala kumbuyo kwa basi, mano ali gwa. Njira yonse ankakonza mawu. Ankafuna kukagwada pamaso pa bambo ake a Salge n'kunena zoona: "Mwana wanuyu ndimati ndimukwatire. Ndiloleni ndimulire ngati mwamuna, osati ngati mnzake wa kusukulu."

Anafika mtembo utatenthedwa kale kudambo. Bambo ake a Salge anali mkulu wowonda, wotsimphina mwendo umodzi. Ankalandira alendo mmodzimmodzi, kufunsa mudzi ndi mfunda.

"Dasmat, bambo. Wa ku Ghatshila. Ndine Baskey."

Mkuluyo anasiya ndodo yake kugwa. Anamugwira mapewa onse awiri.

"Baskey! Mayi ake a Salge, tuluka udzaone! Mwana wathu anali ndi mlongo wake kumzinda, osatiuza!"

"Pepani bambo... inu si a Hembrom?"

"Hembrom wa kuti? Pakhomo pano ndi pa Baskey chiyambire makolo. Lowa, mwana wanga. Usakhale ndi alendo panja. Lowa m'nyumba mwanu."

Dasmat analowa. Miyendo inangomutengera yokha. Ngati mwana wa pakhomo! Lonjezo lija linakwaniritsidwa mpaka kadontho komaliza.

Atapeza mpata, anawakokera Madamu Marandi kuseri kwa khola la njati zoweta.

"Madamu, mumadziwa?"

"Kudziwa chiyani? Kuti ndinu a mfunda umodzi? Si n'chifukwa chake ndinakupatsa iyeyo! Ndikapeza mpata ndimatero, kuti mwana watsopano akhale ndi m'bale wake weniweni mumzinda muja. Ndinamuuza usanalowe n'komwe kuti kukubwera kamlongo kake." Madamu anapukuta maso. "Anakusamala bwino, eti?"

"Nanga lamulo lija, loti wothandiza asakhale pa chibwenzi?"

"Lamulo liti? Ine ndakwatitsa mabanja angati kuchokera m'chipinda chija?"

Madamu anamuyang'ana. Dasmat anaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono. Anagwira khoma.

"Dasmat," anatero motsitsa mawu. "Chilichonse chomwe chili pakhosi pako, umeze. Wamva?"

Kumeza! Ameze bwanji moto?

Salge ankadziwa! Ankadziwa asanamuone n'komwe. Ankadziwa pamene anaima ndi kapu ija m'malere. Ankadziwa pansi pa mango, ankadziwa pa depoti, ankadziwa polemba kuti "mtima wanga." Yemwe ankaphunzitsa ana a eni ake kutchula mayina awo kawiri, lake analikwirira ngati mphaka! Ankaganiza kuti zidzatha bwanji? Ankati adzamuuza liti, atabereka mwana? Ndipo tsopano wathawa, wamusiyira yekha katundu yense. Munthu wamoyo umamukalipira, amalira, amapepesa. Nanga phulusa ungalifunse chiyani?

Anafuna kuima pakati pa bwalo n'kukuwa. Koma ankadziwa chotsatira. Anthu a mfunda umodzi akagwidwa pa chikondi, mudzi umasala banja lonse. Palibe wotunga nawo pa chitsime, palibe wodzapala moto, palibe wodya pa mbale yawo ya masamba. Nkhalamba ziwirizi zikanatsala zokha ndi manyazi. Ndipo mafupa a Salge, ndani akanawakhudza?

Pakuti panali patatsala ntchito imodzi. Pa phulusa paja anali atatolapo tizidutswa ta fupa la mutu, timene Asantali amati maluwa a mafupa, n'kutitsuka ndi mkaka, n'kutisunga m'kamphika. Mpunga ukakololedwa, mwamuna wa m'banjamo amayenera kukatipereka ku mtsinje wa Damodar, kuti womwalirayo akafike kwa makolo ake.

Tsiku lotsanzika, bambo aja anamuitana pakhonde.

"Mwana wanga, ine ndinabereka atsikana okhaokha. Abale anga anathera ku migodi ya malasha. Mwendowu ungandifikitse pa gombe, koma m'madzi sungandiimike. Mizimu ya makolo yakutumiza. Udzamunyamule mlongo wako."

Dasmat anayang'ana pansi. Akanati ayi, akanafunsidwa chifukwa. Akanati inde, ndiye kuti wavomera pamaso pa amoyo ndi akufa kuti Salge anali mlongo wake, basi, mpaka kalekale.

"Ndidzabwera, bambo."

Ku yunivesite anabwererako kamodzi kokha. Mayeso a masamu aja anali atakhoza. Analowa m'chipinda chija n'kupeza chithunzi cha Salge pakhoma, atachiveka maluwa. Pansi pake Madamu anali atalemba dzina lonse: Salge Baskey. Kamnyamata katsopano kanali pa benchi, chikwama pa mawondo, maso ofiira.

"Ndimati chaka chino ukhale achimwene a mwana uyu," anatero Madamu, osamuyang'ana m'maso. "Salge akanafuna utsirize sukulu."

"Musandiuze zomwe Salge akanafuna! Inu kapena ine, ndani ankamudziwa?"

Anasiya mabuku ake patebulo kuti ena adzagwiritse ntchito. Pa chitseko anatembenuka n'kuyang'ana kamnyamata kaja.

"Iwe, usathawe. Anthu awa adzakuthandiza, ndi zoona. Koma aliyense amene akupatse, ukafunse mfunda wake kwa anthu awiri."

Anatuluka pa geti lomwe mnzake uja anamubweza chaka chija. Ulendo uno panalibe womukoka dzanja.

Mpunga utalowa m'nkhokwe, anapita ku Tundi. Anakwera basi ndi bambo aja, kamphika kali pa chifuwa chake, kokutidwa ndi nsalu yatsopano. Kanali kopepuka ngati dzira. Njira yonse mkuluyo ankasimba za mwana wake: momwe ankawerengera akudyetsa njati, momwe ankakanira amuna onse omufunsira.

"Ankati ali naye wake kumzinda, koma dzina ayi. Iwe unali pafupi naye. Unamuonapo mnyamatayo?"

"Ndinamuonapo, bambo."

"Anali munthu wabwino?"

"Anali chitsiru. Koma ankamukonda."

"Nanga osabwera ku maliro?"

Dasmat anayang'ana pawindo mpaka mtsinje unaonekera.

Madzi anali ozizira ngati mpeni. Analowa mpaka m'chifuwa, n'kuyang'ana kotulukira dzuwa monga anamulangizira, maluwa a mafupa ali pamutu. Kugombe mkulu uja ankaitana mayina a makolo a Baskey, mmodzimmodzi, kuti alandire mwana wawo. Anali mayina omwewo amene agogo ake a Dasmat ankaitana kwawo.

"Wabodza iwe," ananong'ona. "Wabodza wopanda chisoni. Unandiyang'ana kamodzi kokha, tiyi ali m'manja, n'kusankha kutiwononga tonse awiri. Ndani anakupempha?"

Mtsinje unangopitirira.

"Ukanandiuza, ndikanakhala mlongo wako wabwino. Ndikanatsiriza sukulu. Ndikanavina pa ukwati wako. Ndipo ndikanafa ndi nsanje."

Anakoka mpweya n'kumira. Pansi pa madzi, pomwe panalibe khutu la munthu kapena la mudzi, anatsegula pakamwa n'kumutchula dzina lomwe ankamutchula ali awiri. Kenaka anachotsa manja pamutu.

Anavuuka wopanda kanthu. Mwambo umati usacheuke, ndipo sanacheuke.

Panali pa 9 Disembala, 2022.