Fungo la Lubani kwa Mayi Fathiya

Mphuno za Mayi Fathiya a kwa Kaduya zinafa chaka cha Kovidi, chaka chomwe matendawa anatenga amuna awo, a Ahamadi. Iwo anachira, koma kuyambira pamenepo utsi, usipa, sopo, zonse zinali ngati madzi. Nanga zinatheka bwanji kuti usiku wina, atangozimitsa nyali, amve fungo la lubani?

Linalowa pang'onopang'ono, n'kuzimiririka. Kunja mphepo ya kuphiri la Michesi inkakanda malata. Mayiwo anagona chagada, thukuta lili kamukamu, chifukwa panali chinthu chimene chinkawadya mumtima zaka zonsezi. A Ahamadi anaikidwa ndi anthu ovala zoyera mpaka kumaso, m'thumba la pulasitiki, osasambitsidwa, osafukiziridwa lubani monga amachitira Asilamu anzawo. Lubani amene malemuwo anasiya, mayiwo anamutsekera m'sutikesi n'kuletsa aliyense kumukhudza.

"Nusaiba," ananong'oneza m'mawa kwa mwana wawo wamkazi, "sunamve fungo usikuwu?"

"Fungo lanji, amayi? Ine ayi," anayankha uku akusesa, maso ali pansi.

Basitu, nkhani inathera pomwepo. Ngati wa mphuno zamoyo sakulimva, koma wa mphuno zakufa akulimva, ndiye kuti fungolo silapansi pano.

Usiku wotsatira linabwera ndi mawu. Kuseri kwa chitseko kunamveka "fuu... fuu...", mpweya wotuluka movutikira, ndendende mmene a Ahamadi ankapumira masiku awo omaliza. Pansi pa chitseko panaoneka kakuwala kofiira, kakuyaka, kakuzima. Mayi Fathiya anauzako mnzawo mmodzi yekha, ndipo mukudziwa mmene mnzako mmodzi amasungira chinsinsi: pofika madzulo, pamjigo ponse ankati a Ahamadi abwera kudzatenga akazi awo. Shehe anawauza mayiwo kuti womwalira pa mliri Mulungu amamulandira mmene aliri, koma mawuwo sanalowe.

Anasiya kudya. Anagula mobisa sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro, n'kuiika kumutu. Thupi linayamba kutha, ndipo fungo lija, m'malo mochepa, linkakulirakulira usiku uliwonse.

Usiku wina anatopa nako kudikira. Kupuma kuja kutayamba, anadzuka mogwirira khoma, sanda ili m'khwapa.

"Ndikubwera, bambo a Nusaiba," anatero motsitsa mawu. "Koma mwanayu mumusiye."

Anatsegula chitseko. Pansi panali Nusaiba, atagwada, masaya ali tuu, akuuzira makala m'phale.

Phale linagwa. Mtsikanayo anaona nsalu yoyerayo n'kuyamba kulira. Anati namwino wa kuchipatala anamuuza kuti mphuno zotere nthawi zina zimadzuka zikamanunkhiza fungo lamphamvu tsiku ndi tsiku. Iye anaba lubani wa bambo ake m'sutikesi, ndipo wakhala akufukiza kuyambira nthawi yokolola.

"Ndinkaopa kuti mundikalipira, amayi. Nditaona kuti simukudya, ndinkayesa n'chifukwa choti chakudya sichikukukomerani, ndiye ndinkawonjezera."

Mayi Fathiya anakhala pansi phii. Anatola kachidutswa kamene kankafukabe, n'kukabweretsa pafupi ndi nkhope. Anakoka mpweya kamodzi, kawiri. Misozi inatsika, ndipo sanadziwe ngati amumenye mwanayo kapena amukumbatire. Anamukumbatira.

Mawa lake anthu amene anabwera kudzazonda wodwala anawapeza pakhonde, mbale ya phala ili pamiyendo, akukambitsana ndi telala, a Makina, ngati sandayo ingatuluke makatani. Nkhani ili mkati, mayiwo anaimika mutu, mphuno zikugwedera.

"Iwe Nusaiba!" anakuwa. "Nandolo akupserera uko! Ndiye ndikuuze ine, nonsenu muli ndi mphuno?"