Kupuma kwa m'denga la a Husna

A Husna, anansi athu ku Ntaja, ankagulitsa chimanga. Amuna awo, a Sufiyani, anamwalira ndi chifuwa. Sadaka itatha, madzulo ena akutseka chipinda cha matumba, anamva munthu akupuma m'denga. Kupuma kokoka, kwaphokoso, ngati mmene malemu ankapumira masiku awo omaliza.

Anandiitana. Nanenso ndinamva. Tinaunika ndi tochi, osaona kanthu. Chinthu choyera chinadutsa pamutu pathu, mapiko ake osamveka ngakhale pang'ono.

Usiku uliwonse zinali zomwezo. Kenako pansi pa khoma panayamba kupezeka timibulu taubweya, m'kati mwake muli timafupa. Anthu anati ndi mankhwala.

Tsiku lina mbandakucha, opita ku mzikiti anapeza a Lukiya, mlongo wa malemu, ataima kuseri kwa nyumba, khutu ali pakhoma.

"Alamu, mukufuna chiyani kuno?" a Husna anafunsa atatuluka.

"Palibe. Ndimangobwera kudzawamva achimwene akupuma."

"Ndinu mukuwasunga m'denga langa! Chokani!"

A Lukiya anachoka, mbiri yoti ndi mfiti n'kuwanda. Pamsika anthu analeka kuwagula mandasi. Posakhalitsa anasamukira kwa mwana wawo kunyanja ya Chiuta.

Mvula itayandikira, a Festus akalipentala anakwera kukakonza malata. Anatsika akuseka.

"Mayi, alendo anu ndi ana a kadzidzi. Akamva njala amalira chonchi, ngati wodwala. Timibulu tija ndi masanzi awo. Khoswe amangomumeza wathunthu, ubweya ndi mafupa n'kulavula."

A Husna sanaseke. Anakhala pansi pomwepo, m'fumbi. Sabata yonse ankanena kuti apita mawa kukapepesa a Lukiya, manyazi n'kuwagwira miyendo. Atanyamuka ndi shuga ndi nsalu yatsopano, anafika ku Chiuta amuna akuchokera kumanda. A Lukiya anali ataikidwa m'mawa womwewo.

Pathandala loyanikira nsomba panali kadzidzi, dzuwa lili pamutu. Sanathawe. A Husna akuzungulira bwalo kupepesa anamfedwa, thupi la mbalameyo linali zii, koma mutu unkawatsatira mpaka nkhope inayang'ana kumsana.

A Festus amati akadzidzi onse amatero, poti maso awo sayenda. Amayi a ku Chiuta amanong'ona kuti pabwalopo panali anthu ambiri, koma kadzidziyo ankayang'ana mmodzi.

Nsalu ija a Husna anabwerera nayo.