A Umi Atuluka M'gulu

Anakumana pa siteji ya minibasi mumzinda wa Depok, mvula ikukhuthuka. Maesaroh anali atafungatira mapositala a chipani chathu cha Chisilamu, iye mwini atanyoweratu.

"Mchemwali, mapepalawo aposa inu?" anafunsa mnyamata wina, akumupatsa ambulera maso ali pansi.

"Ine ndiuma ndekha, achimwene. Nkhope ya phungu ikasungunuka, mavoti apita."

Mnyamatayo anali Zulfikar, mkulu wa achinyamata m'chipani. Pakamwa pake panali potsekemera, ndipo zimenezo tonse tinkazidziwa.

Kwathu m'chipani mnyamata safunsira yekha. Amapita kwa mphunzitsi wa chipembedzo wa mtsikanayo, mphunzitsiyo n'kutsegula gulu la pa foni la anthu atatu, iye n'kukhala pakati ngati mlonda. Mlonda akatuluka, awiriwo salankhulananso. Mphunzitsi wa Maesaroh anali a Umi Rohayah, mayi amene anakwatitsa theka la chipani.

"Wadzuka bwanji, mwezi wanga wa Idi?" ankalemba Zulfikar.

"Iwe Zulfikar, chepetsa shuga, sunakwatire!" ankayankha a Umi.

"Pepani a Umi. Koma chisankho chikangotha ndikubwera ndi makolo anga. Chipani chikalowa m'boma, ana athu adzakulira m'dziko loopa Mulungu. Wina sindikumufuna, mpaka imfa!"

Maesaroh ankangolemba kuti, "Mulungu akalola, achimwene." Kenako ankawerenganso uthengawo mpaka mpunga kupserera pamoto. Anamukonda, osati masewera.

Chisankho chinatha, ndipo tinagwa chagada. Achinyamata anadya mpunga wathu m'misonkhano n'kukavotera ena. Akuluakulu anayamba kunong'onezana kuti chipani chifa tikapanda kugwirana manja ndi a Darmawan, mwini masitolo, amene chipani chawo chimakumbukira mzikiti nthawi ya kampeni yokha.

Makolo a Zulfikar sanabwere. M'malo mwake, tsiku lina foni inangolemba kuti: "Umi Rohayah watuluka m'gulu."

Nambala ya Zulfikar, Maesaroh anali nayo. Akanangoimba! Koma mtsikana womvera aimba bwanji popanda mlonda? Atafunsa a Umi, anangomuuza kuti, "Pirira, mwananga." Iye anapiriradi.

Mgwirizano uja unatheka, ndipo unamangidwa ndi ukwati wa Larasati, mwana wa a Darmawan. Atsikana onse a chipani anaitanidwa kukagawa tiyi. Dzina la mkwati ambiri ankalidziwa, koma ndani akanayamba kumuuza? Maesaroh analowera khomo la kukhitchini. Chinsalu chachikulu chinagawa holo pakati, amuna uko, akazi kuno, choncho mkwati sanamuone.

Anafika ndi thireyi pamene mkwatibwi ankaonetsa anzake foni, akuseka chikhakhali.

"Taonani, amanditchula mwezi wake wa Idi! A Umi akhala akumudzudzula za shuga kuyambira kampeni isanayambe."



"Mkwati ndi ndani?" anafunsa Maesaroh.

"Aa, simukudziwa? Zulfikar! Bambo amulonjeza mpando pa chisankho chikubwerachi."

Maesaroh anabwerera ku khitchini, a Umi anamutsatira n'kutseka chitseko.

"Kampeni isanayambe, a Umi? Munali mlonda wa magulu awiri?"

"Tinkadikira zotsatira, mwananga. Tikanapambana akanakhala wako."

"Ndiye ine ndinali wa tikapambana?"

"Usalankhule ngati mwana. Lero chipani chili ndi tsogolo. Tsogolo limafuna nsembe, ndipo Mulungu amaona."

Maesaroh sanalire. Anaika thireyi pansi bwinobwino, n'kuchotsa kabaji ka chipani pa mpango wake, n'kukasiya pakati pa makapu.

"Ngakhale mbuzi ya nsembe, a Umi, timayamba taimwetsa madzi. Ine simunandiuze n'komwe."

Anatulukira khomo lomwe analowera. Kuseri kwa chinsalu, Zulfikar anali atagwira maikolofoni, akulonjeza anthu kuti chipani chathu sichitaya munthu.