Timatambula Tiwiri pa Njira ya Kukhola

Loweruka masana mudzi wonse wa Kastaniana unali kuukwati. Mfuti zinkalira m'mwamba monga mwa masiku onse a chikondwerero, nyama ikupsa, oimba atachita thukuta. Munthu mmodzi yekha ndiye sanatsike kuphiri. Ameneyu anali Zaharias, mbusa wokalamba amene analeka za maukwati chimwalirire mkazi wake. Maso ake anali atachita ng'ala, koma makutu anali akuthwa kuposa a galu wake.

Ali m'kanyumba kake ka miyala, anamva galimoto ikukwera chitunda. Liwu lake linali lakuya, losasa pang'ono posintha giya. Zaharias anamwetulira, chifukwa liwulo ankalidziwa. Anafufuza botolo la raki, kachasu wakwathu kuno, ndi timatambula tiwiri, n'kuyamba kutsetsereka pang'onopang'ono kulowera kukhola, kumene galimotoyo inaima.

Sanafikeko. Pokhota pathanthwe galimoto ija inatulukira chafutambuyo ili paliwiro, ana a nkhosa awiri akulira kumbuyo kwake. Inamugunda, n'kumukhula ndi m'mbali. Inaima kamphindi. Kenaka inatembenuka n'kutsika phiri kudzera njira yakuseri.

Anamupeza ndi mwana wake wamkazi, Argyro, dzuwa litapendeka, atamubweretsera mpunga ndi nyama ya kuukwati. Anali gone pafumbi, milomo itauma.

"Bambo! Wakuchitani izi ndani?"

"Manousos," inatero nkhalambayo movutikira. "Bwanji sanaime Manousos?"

Zaharias anatsirizika ali panjira ya kuchipatala.

Manousos anali wowotcherera zitsulo wa m'mudzimo, ndipo iye ndi Zaharias ankaweta limodzi ali ana. Bambo a Manousos ankasula mabelu a nkhosa, iye anatengera khutu lawo n'kupita nalo ku magalimoto. Aliyense wofuna ekizozi, paipi yotulutsira utsi wa galimoto, yosagunda miyala m'misewu yathu yoipayi ankapita kwa iye. Ankapinda paipi ndi manja, kuwotcherera, kuliza injini, kumvetsera, n'kudulanso mpaka liwu litamukhalira. Ndipo anali ndi chizolowezi chake. Ekizozi iliyonse yatsopano ankakaiyesa pachitunda cha kwa Zaharias. Nkhalambayo inkamvetsera ali kutali, iye akafika inkamuchingamira ndi raki n'kumuuza chilungamo: iyi ikutsokomola, iyi ikulira ngati mbuzi yanjala, iyi ndiye wakhoza.

Lachinayi sabata yomweyo Manousos anakwera chitundacho ndi galimoto ya Sifis, mwana wake wa ubatizo. Sifis anakulira m'tauni. Bambo ake atamwalira anabwerera kumudzi, anagulitsa nkhosa zonse za malemuwo n'kugula galimoto yaitali miyendo, yokoka mateyala onse anayi. Sanali mnyamata woipa, ankangofunitsitsa kuti anthu azitembenuka akamadutsa. Manousos anamupangira ekizozi yonyezimira yotulukira m'mbali, patsogolo pa teyala lakumbuyo, ndipo Zaharias ataimva anawomba m'manja.

"Iyi ndiye ikuyankhula ngati mwamuna, nkhalamba iwe! Usaikhudzenso."

Madzulo ake kumalo omwera khofi, Sifis anatulutsa chikwama kuti alipire. Manousos anakankha dzanja lake.

"Chinayamba liti kuti mwana wa ubatizo azilipira bambo ake? Bweza m'thumba. Mwamuna wakuno amathokoza ndi nyama."

"Nyamayo aitenga kuti?" anaponyapo wina pakona. "Nkhosa zake zonse zinasanduka mateyala."

"Agogo ake ankatsitsa nkhosa za eni ake masanasana, belu osalira n'kamodzi komwe," anawonjeza wina. "Uyu angabe chiyani? Ngakhale dzira la nkhuku lingamuthawe."

Nyumba yonse inafa nacho chiseko. Manousos naye anaseka. Sifis anasekerera nawo, koma makutu ake anafiira.

Tsono Loweruka lija, uthenga wa Zaharias usanafike, Sifis anatulukira kuukwati akuyenda wapansi, chinthu chimene sankachita ngakhale popita kukagula fodya. Anapeza Manousos pamoto akutembenuza nyama.

"Bambo, mphatso yanu ili mufiriji kugalaja kwanu," anamunong'oneza. "Ilibe mutu."

Kwathu kuno nyama ikabwera yopanda mutu sitifunsa mafunso, chifukwa chizindikiro cha mwini chimakhala pakhutu. Manousos anaseka, n'kumumenya pamsana. Sanaone kuti mnyamatayo sanaseke naye.

Lamulungu m'mawa Sajeni Pelagia wa kupolisi ya kuchigwa anafika kugalaja. Anali mayi wosachedwa ndi moni. Anaika patebulo kathumba kapulasitiki. M'katimo munali timatambula tiwiri, kena kosweka, ndi belu la nkhosa lotsekedwa ndi udzu.

"Bambo Manousos, ndikudziwa kuti dzulo munali pamoto tsiku lonse. Mboni ndi mudzi wonse. Koma malemu anatchula dzina lanu, ndipo munthu satuluka ndi matambula awiri kukachingamira wakuba."

Manousos anangoyang'ana timatambulato.

"Wakubayu ndi wakonkuno," anapitiriza sajeni. "Anatseka belu la nkhosa yaikazi ndi udzu kuti isachite phokoso poilanda ana ake, monga ankachitira makolo anu. Nzeru zakale ndithu. Koma iye yemweyo anabwera pagalimoto yomveka mapiri atatu."

"Magalimoto aphokoso ndi ambiri kuno, bwana."

"Adokotala apeza bala la moto pantchafu, lozungulira ngati kukamwa kwa kapu. Imeneyo ndi ekizozi yotulukira m'mbali. Mwaikapo zingati zotere?"

"Zambiri. Sindiwerenga."

Linali bodza, chifukwa yotero anali atapanga imodzi yokha. Sajeni anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutola kathumba kake.

"Magalimoto a m'mapiri muno ndiwayendera onse, imodziimodzi. Zinditengera nthawi, ndipo mwiniwakeyo akhala atachotsa kale paipiyo. Nambala yanga muli nayo."

Kumapiri kuno mwamuna sapereka dzina la mnzake kupolisi. Nkhani za nkhosa timakambirana tokha: akuluakulu amalowererapo, zobedwa zimabwezedwa, nthawi zina wakuba amadzagwira mwana wa wobedwayo paubatizo, udani n'kuthera pomwepo. Nanji mwana wako wa ubatizo, amene unamudzoza mafuta ndi manja ako pamaso pa Mulungu! Manousos anatsegula firiji, anayang'ana nyama ija, n'kutsekanso.

Masana kunabwera Argyro atavala zakuda. Sanalowe, anaima pakhomo.

"Ndikudziwa kuti simunali inu, bambo Manousos."

"Mwana wanga, ine..."

"Koma iwo sankadziwa. Agona padzuwa paja masana onse akudzifunsa chimene anakulakwirani. Apita nazo kumanda zimenezo, ndipo palibe amene angakawauze." Anapukuta m'maso ndi mpango. "Makutu awo sananamepo. Ngati anamva liwu lanu, ndiye kuti ndi ntchito ya manja anu. Maliro ndi mawa masana. Mubwere ngati mungathe kundiyang'ana."

Lolemba m'mawa Manousos anamva mateyala akuphwanya timiyala pabwalo. Injini sinamveke. Sifis anali atatsetsereka ndi galimoto kuchokera kwawo osailiza, mpaka kuilowetsa m'galaja. Anatsika maso ali psuu.

"Bambo, ichotseni ekizoziyi. Mubwezeretse yakale ija."

"Yakutopetsa kale? Lachinayi unkavina nayo."

"Ikusokosa kwambiri. Amayi akudandaula."

Manousos anakweza galimoto pa majeke, anamasula mateyala akumbuyo n'kuwagubuduzira kukhoma, kenaka analowa pansi ndi tochi. Ntchito yake inali pomwepo, yosalala, mizere yowotcherera yooneka ngati yosoka ndi singano. Kukamwa kwa paipi kunali kutamatirira kansanza kakuda kopserera. Anakadziwa. Zaharias anali ndi buluku limodzi lokha la mtundu umenewo, ndipo Lachinayi anali atavala lomwelo.

Anatuluka n'kukhala pansi, msana atatsamira chitseko cha galimoto.

"Khala apo, Sifis."

Mnyamatayo anakhala pateyala.

"Unapita dala kwa Zaharias?"

"Ndimaganiza kuti ali kuukwati, bambo. Aliyense anali kuukwati. Khola lawo ndi lokhalo lomwe galimoto imafika pafupi. Ndimati nditenge tiwiri tokha, kamodzi kanu, kena ndikawotchere anthu aja kuti asiye kundiseka. Galu atayamba kuuwa ndinachita mantha, ndinabweza galimoto osayang'ana."

"Unaima?"

"Pang'ono."

"Unatsika?"

Sifis anaweramitsa mutu.

"Ndinayang'ana pagalasi."

"Anali moyo?"

"Ankadzutsa dzanja."

Manousos anatseka maso. Kunja tambala analira, mayi wina akuitana mbuzi zake.

"Ankaitana ine," anatero. "Ankaganiza kuti ndine."

"Bambo, mukanangolandira ndalama zija..."

"Ndikudziwa. Ndinakutuma ndine, ndipo ndinaseka nawo. Chimenecho ndidzafa nacho." Anapuma mozama. "Ukanaba khola lonse, ine ndikanakwera phiri ndi chipewa m'manja kukakupepesera. Ukanamugunda n'kumunyamula, ndikanaima nawe pamaso pa Argyro ndi pamaso pa khoti. Koma unamuona akudzutsa dzanja, iwe n'kusintha giya. Kenaka unabwera kudzandipatsa nyama yake."

"Ndi ntchito ya kanthawi kochepa, bambo. Mabawuti anayi basi. Paipiyo muidule, palibe adzadziwe. Munandigwira paubatizo inu!"

"Ndinakugwira. Unandikodzera malaya atsopano, tchalitchi chonse chinaseka." Manousos anayesa kumwetulira koma zinakanika. "Tsiku limenelo ndinalonjeza kuti ndidzakuyankhira pamaso pa Mulungu. Za mabawuti sindinalonjeze."

Anadzuka, anapukuta manja, n'kutenga foni pashelefu. Anaimba pamaso pa mnyamatayo.

"Bwana sajeni, ndine Manousos. Dzulo ndinakunamizani. Ndinapanga imodzi yokha, ndipo ili muno."

Atadula foni analoza chitseko cha kuseri, chimene chinali chotsegula. Kuseri kwake kunali munda wa azitona, kenaka phiri.

"Sindikugwira. Agogo ako akanathawa."

Sifis anayang'ana chitsekocho, anayang'ana galimoto yake ili lende pa majeke yopanda miyendo. Sanadzuke. Anaphimba nkhope ndi manja n'kuyamba kulira ngati kamwana. Manousos anakhala pambali pake pateyala lina, ndipo anadikira limodzi.

Sajeni Pelagia anafika ndi apolisi awiri. Anajambula paipi, anachotsa kansanza kaja mosamala, anatulutsa nyama mufiriji. Sifis anapereka manja yekha. Khoti la m'tauni linadzamupatsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amuna ena a kumalo a khofi sanayankhulanenso ndi Manousos mpaka lero, ati anagulitsa mwana wake wa ubatizo. Ndi omwe aja ankaseka. Koma izo zinali zam'tsogolo.

Tsikulo apolisi anabwezeretsa mateyala n'kutsitsa galimoto pansi kuti apite nayo. Wapolisi wachinyamata analowa, n'kugwira kiyi. Nthawi yomweyo belu la kutchalitchi linayamba kulira pang'onopang'ono. Anthu anali akutuluka ndi bokosi la Zaharias.

Manousos anagwira dzanja la wapolisiyo kudzera pazenera.

"Chonde, musailize."

"Nanga tipita nayo bwanji, bambo? Galimoto yokokera ili kuchigwa."

"Msewu ukutsika kuyambira patchalitchi. Mpaka pamenepo ndikankha ine."

Wapolisiyo anayang'ana sajeni. Sajeni anagwedeza mutu kuvomera.

Choncho galimoto ya Sifis inadutsa pakati pa mudzi ili duu, mateyala okha akuphwanya timiyala, Manousos atakanikiza phewa kumbuyo kwake, thukuta likugwera pa ekizozi yabwino koposa zonse zimene anapangapo. Pakhomo la tchalitchi onyamula bokosi anaima kuti idutse. Argyro anayang'ana galimotoyo, anayang'ana paipi yonyezimira m'mbali mwake, kenaka anayang'ana mwamuna amene ankakankhayo.

Msewu utayamba kutsika, galimoto inamusiya m'manja n'kupita yokha. Manousos anawongoka, anavula chipewa, n'kuima kumbuyo kwa anthu onse. Argyro anadutsa pakati pawo mpaka anamupeza.

"Kumbali yakumutu kukusowa munthu mmodzi," anatero. "Bwerani mudzanyamule mnzanu."