Chitsulo cha M'mwendo wa Rodel

Madzulo amenewo Rodel anadya ataimirira. Mpunga wozizira, nsomba youma yoviika mu viniga, zala zonse mafuta. Ine ndinali pa tebulo, ndikuchonga mayeso a sayansi a ana anga akusukulu. Namondwe anali atadutsa dzana lake, magetsi anali asanayake, ndipo mwamuna wangayo sankatha kukhala pansi.

"Aphunzitsi, nyanja yakokolola mchenga mpaka pathanthwe," anatero. "Lero ndikubweretserani mphete ya mfumukazi."

"Mubweretse sopo. Watha."

Anaseka, nayatsa makina ake ofufuzira zitsulo. Kenako anachita zimene ankachita nthawi zonse asanatuluke: anayendetsa mbale ya makinawo pa msongolo wake wakumanzere. M'mwendo umenewo munali chitsulo ndi timisomali take, chimene madokotala anamuika atagwa pa njinga yamoto tisanakwatirane. Makina analira kulira kumene ndinakumva zaka zonse za ukwati wathu: kubuula kwapansipansi, kenako kamawu kokwera kumapeto, ngati munthu amene wayamba kudandaula n'kuseka pakati.

"Onse awiri ali moyo, makina ndi mwendo," anatero, natuluka.

Sindinadzutse mutu. Ndinali pakati pa yankho la mwana wina.

M'mawa asodzi anapeza makinawo ali pamchenga, kumtunda pang'ono kwa pomwe mafunde analekezera. Mwini wake sanamupeze. Maboti anasaka mpaka mafuta anatha. Anthu ankati chinamutenga ndi funde limodzi lalikulu, la mtundu umene umatsalira namondwe akapita.

Apongozi anga, Nanay Saling, sankapempha zambiri. Ankafuna kanthu koika m'manda tsiku la makumi anayi lisanakwane, poti pa tsikulo mzimu umanyamuka.

"Ngakhale fupa, mwanawe," ankatero. "Ngakhale batani. Munthu asapite tilibe pomuyatsira kandulo."

Ine ndinkaganiza za chitsulo chija. Mnofu umatha, nsalu imatha. Chitsulo cha madokotala sichichita dzimbiri, ndipo makina amachidziwa.

Namondwe wina atadutsa, masiku atatsala ochepa, ndinapita kwa Temyong. Ndiye anaimira mwana wathu pa ubatizo, choncho timaitanana Pare ndi Mare. Ndiyenso ankayenda ndi Rodel m'magombe, ndi m'minda ya mpunga anthu akakolola.

"Inu, Mare? Amene munkati timatolera boma zinyalala mwaulere?"

"Mundiphunzitse, Pare. Ndimagwira zinthu msanga."

Anandiyang'ana, nayang'ana makina a mnzake ali m'manja mwanga.

"Madzi aphwa usiku uno," anatero. "Musavale nsapato za kutchalitchi."

Gombe lathu sindinalizindikire. Mchenga wofewa umene ana amasewerapo unali utapita wonse. Panatsala phompho lofika m'chiuno, ndipo pansi pake panali dongo lakuda ndi timiyala, zonyezimira pa kuwala kwa tochi. Temyong anangoti mluzu fyoo.

"Zaka zonsezi sindinaonepo pansi pa gombe lino. Mare, lero tidya nkhumba."

Anandionetsa kagwiridwe. Mbale ikhale pansipansi, iyende kumanja ndi kumanzere, ngati ukusesa pabwalo apongozi akuyang'ana. Chitsulo wamba chimabuula. Chinthu chabwino chimaimba. Ukakweza mbale m'mwamba, kulira kumazilala. Ukakumba, kwirira.

Choyamba kuimba chinali chitsekerero cha botolo la mowa.

"Mwalemera," anatero Temyong. "Musatiiwale ife osauka."

Chachiwiri chinali mtovu wa ukonde. Chachitatu, khoko la chipolopolo cha nkhondo ya Ajapani, lobiriwira ngati tsamba. Ndinalizunguza m'manja nthawi yaitali kuposa mmene ndinayenera. Kenako makina analira kulira kwina, koyera, kosasweka, kofanana mbali zonse. Temyong anasiya zake nathamangira kwa ine.

"Musakumbe pakati, mungachikande. Yambirani m'mbali. M'mbali, Mare, mwati mumagwira zinthu msanga!"

Ndinagwada m'matope. Fosholo yoyamba, palibe. Yachiwiri, palibe. Yachitatu ndinaikhuthulira pambali, n'kuyendetsapo mbale, ndipo muluwo unaimba. Ndinaufwanyula ndi zala. Chinthu chozungulira, cholemera, chakuda bii, chinatsalira m'dzanja langa. Nditachipukuta ndi chala chachikulu, panaoneka mayi ataimirira, kumbuyo kwake phiri likufuka utsi. Ndalama yasiliva, peso ya nthawi ya agogo athu.

Ndinamva munthu akuseka. Ndinali ine.

"Rodel waisaka imeneyi moyo wake wonse," anatero Temyong, "inu tsiku loyamba lomwe. Dziko lilibe chilungamo."

Zitatero sitinathenso kudziletsa. Pansi pa phompholo zinthu zinangondanda ngati wina wazifesa. Ndolo imodzi. Supuni yopindika. Mendulo ya Namwali Mariya yofufutika nkhope. Temyong anatulutsa dzino lagolide, n'kuyamba kuvina m'madzi ofika m'akakolo, akuliyesa pa chibwano chake. Ine maondo anali atanyowa, misomali itathyoka, ndipo ndinkangofuna kulira kotsatira. Ndinamvetsa chifukwa chake munthu amadya ataimirira. Kwa kanthawi ndithu ndinaiwala chimene ndinadzera.

Tinafika pamene mtsinje umathira m'nyanja. Pamenepo makina anabuula, naseka kumapeto.

Ndinaima. Ndinayendetsanso mbale. Kubuula, kenako kamawu kaja.

Temyong anali atasiya kuvina. Iyenso ankakudziwa kulirako.

"Ndikumbe ine," anatero motsitsa mawu.

"Ayi."

Ndinakumba ndekha, kuyambira m'mbali monga anandiphunzitsira. Mtima unkathamanga, koma ndi chimwemwe chimene sindingachifotokoze bwino: ndinali nditamupeza. Ndinkaona kale nkhope ya Nanay Saling. Dzenje linafika m'chigongono, madzi n'kuyamba kudzaza. Ndinayendetsa mbale pa mulu. Zii. M'dzenje. Zii.

"Chatitimira," anatero Temyong. "Zimachitika, mchenga ukakhala wamadzi."

Ndikutembenuka kuti nditenge tochi, makina analira kumbuyo kwanga. Pamchenga wosalala, pomwe ndinali nditadutsa kale popanda kumva kanthu.

Ndinakumbanso pamenepo. Palibe. Ndinakwirira, n'kuyenda pang'ono chakumtunda, n'kutembenuka. Kulira kunali pomwepo, kumbuyo kwanga, mtunda wa dzanja limodzi.

Ndaphunzitsa za maginito ndi magetsi kwa zaka zambiri. Ndinachita zimene ndimauza ana: sintha chinthu chimodzi, uone. Ndinakweza mbale kuchoka pansi. Kulira kukanayenera kuzilala. Kunakula. Ndinakwezabe pang'ono. Kunafika pachimake mbale ili m'malere, pakati pa bondo ndi kakolo. Pamwamba pa pamenepo kunazilala. Pansi pake kunazilala.

"Madzi amchere amasokoneza makina," ndinatero. "Yesani anu, Pare."

Sanafune. Koma anatambasula dzanja, mbale yake n'kudutsa pamalo opanda kanthuwo. Makina ake anabuula, naseka. Anawazimitsa msangamsanga, nadzilemba chizindikiro cha mtanda.

"Pare Rodel," anatero, osayang'ana kulikonse, "ife tikupita. Sitinatenge chako chilichonse."

Tinakwera phompho lija. Sindinazimitse makina anga. Ndinawagwira cham'mbali, mbale ikuyang'ana kumbuyo. Pa njira yodutsa m'mitengo ya kokonati ankakhala chete, kenako n'kulira, chete, n'kulira, monga mwendo umodzi ukamabwera kutsogolo n'kutsalira. Agalu a asodzi, amene amauwa aliyense, anadzuka panjira napatuka mwakachetechete. Mmodzi ankagwedeza mchira.

Pa mphambano sitolo ya Aling Nene inali ikadali yotsegula, nyali ikuyaka. Temyong anaima.

"Mare, tilowe kaye. Timwe khofi, tikhale pang'ono. Mukudziwa."

Ndinkadziwa. Kwathu kuno munthu ukachoka pa maliro supita molunjika kunyumba. Umayamba waima pena, pa sitolo, pa malo odyera, kuti wakufayo asokonezeke, atsalire pomwepo, asakutsate. Timati pagpag, kudzikung'untha. Rodel ankachita zimenezi mokhulupirika, ine ndikumuseka kuti akungofuna chifukwa chodyera kawiri.

"Inu lowani, Pare."

"Musachite zimenezo. Wa m'nyanja salowetsedwa m'nyumba. Mumusiye pano, Aling Nene anazolowera, onse amatsalira pake."

"Pa benchi la sitolo? Usiku?"

"Mare, amene ali kumbuyo kwanuyo simukumuona. Mukudziwa bwanji kuti ndi iye?"

Funso lake linali labwino. Ndikanakhala m'kalasi ndikanamupatsa malikisi onse. Ndinayang'ana nyali ya sitoloyo, ndinayang'ana njira yokwera kwathu, yamdima. Makina anali akulira mosalekeza tsopano, pambali panga penipeni, mbali imene iye ankakonda kuyenda.

"Nanay akudikira," ndinatero. "Zikomo pondiphunzitsa."

Ndinakhotera kumanja. Ndinayenda pang'onopang'ono, poti mwendo uja sunkakonda chitunda. Pa geti ndinatsegula n'kugwirira chitseko mpaka kulira kutadutsa. Pakhomo chimodzimodzi. M'nyumba kunandipitirira, kulowera pafupi ndi zenera, pomwe pali mpando umene Rodel ankakhalapo potsuka zimene watola. Kunaima pamenepo. Ndinazimitsa makina, ndinasamba, ndinagona tulo timene ndinali ndisanagone chichokereni iye.

M'mawa Nanay Saling anabwera. Anaona matope pa zovala zanga zili pachingwe.

"Wapeza kanthu?"

"Choika m'manda sindinapeze, Nanay."

Ndinayatsa makina, n'kuyendetsa mbale kutsogolo kwa mpando, chakumanzere, m'malere. Anamvetsera kamodzi. Anandiuza kuti ndibwereze. Kenako anatulutsa m'chikwama kandulo imene ankasungira manda, naiyatsa pansi, pafupi ndi mwendo wa mpandowo. Za manda sanazitchulenso.

Anthu a m'dera lathu amanong'ona. Ena amati ndinalowetsa m'nyumba chinthu cha m'nyanja chimene chinangobwereka kulira kwa mwamuna wanga. Ena amati wofera m'madzi sadziwa njira ya kwawo pokhapokha wina amutsogolere, ndipo akafika sachokanso. Aling Nene amandigulitsa sopo osandikhudza dzanja. Temyong amabwera Lamlungu, timapita limodzi m'minda, ndipo amandiseka ndikakumba msomali wa khasu. Amandiperekeza mpaka pa geti. Salowa.

Ine ndinayesa zimene ndikanatha. Ndinasintha mabatire. Ndinachotsa mpando n'kuyendetsa mbale pasimenti: zii. Ndinautulutsa panja, pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi mawaya. Unakhala chete masana onse. Dzuwa litalowa, makina anabuula, naseka.

Tsiku la makumi anayi linadutsa kalekale. Mpandowo Rodel anaupanga yekha, ndi nsungwi, n'kuumanga ndi luzi. Ulibe msomali ngakhale umodzi.